Ndevu za Lachisanu Loyera

Vitalis ataikidwa m'manda, abale ake anasonkhanitsa zovala zake zonse, anazimanga m'nsalu yakale ya pabedi, n'kupachika mtolowo kudenga. Kwawoko, m'mudzi wina kuseri kwa Kasisi, mtolo wotere sumasulidwa mpaka anthu atakolola. Pamenepo akubanja amakhala pansi, wamkulu amawaza zovalazo madzi a mankhwala, kenako amagawana. Tsikulo lisanafike palibe amene amavala kanthu ka malemu. Likafika, mkazi wamasiye amatsala ndi mapoto ndi ana. Malaya, mathalauza ndi nsapato zimabwerera kwa achibale a mwamuna.

Immaculate, mkazi wa Vitalis, sanakangane ndi mwambowo. Anangochotsapo chinthu chimodzi.

Inali juzi yofiirira ngati dothi la pachulu, yotambasuka m'khosi, imene Vitalis ankavala m'mawa uliwonse popita kukathirira tomato kudimba. Inkanunkha masamba a tomato, petulo wa pampu ya madzi ndi utsi, ndipo pansi pa zonsezo inkanunkha iye mwini. Masiku onse a maliro Immaculate anakhala pansi pangodya, atafunda bulangete mpaka kumutu monga amachitira wamasiye, ndipo mkati mwa bulangetelo anali atavala juziyo. Omanga mtolo anafufuza m'sutikesi, pachingwe ndi kuseri kwa chitseko. Pathupi pa wolira palibe anafufuza.

Koma panali Jenala, mlongo wake wamkulu wa Vitalis, amene nyumba yake inali kutsidya kwa kanjira. Juziyo anaigula ndi Jenala pa salaula, pamsika wa zovala zakale, ku Lusaka. Ndiyenso ankasinthana ndi Immaculate kudikirira wodwala m'chipatala, ndipo tsiku lina ali pambali pa bedi anaona kuti juzi yabooka pachigongono, n'kuisoka ndi ulusi wobiriwira, poti ndi umene unali m'chikwama mwake.

Anthu a pamaliro atabalalika, Jenala anaima pakati pa nyumba akuyang'ana mtolo.

"Mulamu, juzi ija sininaione pomanga."

"Kapena inasala ku chipatala," anatero Immaculate.

"Ku chipatala ninalongeza ine."

"Kapena munaiwala, ba mulamu. Siku lija mitu sinali bwino."

"Mutu wanga?" Jenala anatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno, anatsina pang'ono, anafwenkha. "Ehe. Kapena."

Kuyambira sabata imeneyo Jenala anakhala mlamu wachifundo kwambiri m'mudzi monse. Ankafika ndi tsache lake, n'kunena kuti wamasiye sayenera kudzitopetsa. Ankasesa pansi pa bedi. Ankatembenuza matiresi kuti awombedwe mphepo. Anakhuthula thumba la gaga kuti aone ngati mulibe anankafumbwe, ndipo anakwera pampando kukachotsa ukonde wa akangaude pamwamba pa khoma, pamene sipanafikepo tsache chimangire nyumbayo. Anthu ankamuyamikira. Wendy, mwana yekhayo wa Immaculate, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, anaimba foni kuthokoza azakhali ake.

Juzi inkasamuka patsogolo pa tsachelo. Inagona m'chidebe cha nyemba, inagona padenga la chimbudzi mpaka mvula inayamba kuinyowetsa, inagona m'khola la nkhuku yokutidwa m'pepala la pulasitiki. Masiku ena Immaculate ankaivala mkati mwa diresi lakuda dzuwa likuswa mtengo, mpaka msana unatuluka totupa. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, Jenala anali ndi nthawi yambiri, ndipo chimanga chinali chikadali chachiwisi m'munda. Immaculate ankadziwa kuti juzi siingafike nthawi yokolola ikadali yake. Ndipo ikapezeka, sakanangoitaya chabe: dzina lake likanakhala la mkazi amene anaba pamtolo wa mwamuna wake.

Nyengo ya Lenti itayamba kunabwera a Ignatius, katekisiti wa katchalitchi ka m'mudzimo. Anakhala pachitsa, chipewa chili pabondo, n'kuyamba ndi za mvula.

Chimene anadzera chinali chodziwika. Chaka ndi chaka pa Lachisanu Loyera akhristu a pamenepo ankachita sewero la Njira ya Mtanda, ndipo zovala zake zonse zinkachokera m'manja mwa Immaculate. Zisoti za asilikali ankazidula ku zigubu za mafuta ophikira, n'kuzipaka penti yotsala padenga la sukulu. Mikanjo ankaisoka ndi matumba a ufa, atawatembenuza kuti msilikali wa Chiroma asayende ndi dzina la chigayo kumsana. Pilato ankavala katani yakale. Zotsekera mabotolo ankaziphwanya ndi mwala kuti zikhale ndalama za Yudasi. Anthu ankati kwa Immaculate kanthu sikatayika, ndipo iye ankamva bwino akamatero.

"Niziwa muli pa chisoni, amake Wendy," anatero a Ignatius. "Sembe sininabwele. Manje vuto ni ndevu."

"Zija za khonje zili kuti?"

"Makoswe. Anabalilamo ana mu ndevu za Petulo. Za Ambuye anadya mbali imozi, zasala monga za mbuzi."

Immaculate sanaseke. Ankayang'ana kukhola la nkhuku.

"Ngati simungakwanise, tizajambula chabe na makala," anapitiriza a Ignatius. "Koma mukumbuka chaka chija. Thukuta litayamba, atumwi onse anaoneka monga achoka ku malasha."

"Nizaluka," anatero Immaculate.

"Ulusi? Ku thumba la mpingo kulibe kanthu."

"Nili nao wa pa salaula. Musavutike."

Anavomera mofulumira kwambiri moti a Ignatius, amene anali atakonzeka kuchonderera, anakhala kanthawi osadziwa chochita ndi mawu otsalawo.

Masana a tsiku lotsatira Immaculate anatenga khasu ndi dengu ngati wopita kukathyola nkhwani. Analowa pakati pa munda, pamene chimanga chinali chachitali kuposa munthu, n'kukhala pamzere. Anaitulutsa juzi ija. Anaiika kumaso kwa nthawi yaitali. Kenako anadula msoko wa m'khosi ndi lumo, anapeza nsonga ya ulusi, n'kukoka.

Juzi imamasuka mosavuta kuposa momwe munthu angafunire. Mzere unkatha, wina n'kuyamba, ulusi ukudumphadumpha pa chala. Khosi linapita. Mapewa, amene anali atatenga kupendekeka kwa mapewa a Vitalis, anapita osakana n'komwe. Atafika pachifuwa analeka kaye, chifukwa anamva anthu akudutsa m'kanjira akukangana za mtengo wa feteleza. Anadikira kuti apite. Anapitiriza.

Ulusi womasula ku juzi yakale suwongoka. Umatuluka wopotanapotana, ukukumbukira malo amene unakhala zaka zonse. Akafuna kulukira tinsalu ta patebulo, Immaculate ankayamba waufukiza pa nthunzi ya poto kuti uwongoke. Uwu sanaufukize ndipo sanauchape. Kupotanako ndiye kunali kofunika pa ndevu, ndipo madzi akanachotsa fungo.

Pa mkono wakumanzere ulusi unakana. Panali pachigamba cha Jenala, kabwalo kobiriwira kosokedwa mothina, mfundo zake ziwiriziwiri. Immaculate anakadula mozungulira, anakaponya patsinde pa chimanga, ananyamula dengu n'kuyamba ulendo. Atafika kumalire a munda anaima. Kachigambako kanali katagwira timaulusi tofiirira m'mbali mwake, ta pachigongono penipeni, pamene Vitalis ankatsamira patebulo akamadya. Anabwerera, anakafufuza m'mizere mpaka anakapeza, n'kukaika m'dengu.

Tsopano panalibenso chobisa. Immaculate ankakhala pakhonde poyera, kachitsulo kangowe kolukira kali m'manja, mipira ya ulusi ili pamiyendo. Ankayamba waluka kaukonde kokwana chibwano, kokhala ndi timagoli tiwiri tokoleka m'makutu. Kenako ankadula ulusi m'zidutswa zazitali ngati chala, n'kumangirira chimodzichimodzi pa kaukondeko mpaka kadzaze. Ulusi wa mkati mwa juzi sunapsepo ndi dzuwa, choncho utasakanizika ndi wakunja mtundu unasintha, unadera pang'ono.

Jenala anafika ndi tsache monga mwa masiku onse. Anasesa zipinda zonse ziwiri, anasuzumira m'chidebe cha nyemba, kenako anatuluka n'kukhala pamkeka.

"Ni za bandani izi?"

"Za ba Kayafa."

"Mwabapasa zambili. Bazayamba kuzimva." Jenala anatola mpira umodzi, anaupimapima m'dzanja. Immaculate analeka kuluka, akuopa kuti fungo lingamveke. Koma mphuno za Jenala zinali zitafa kalekale ndi fodya. "Leta, nikugwilileni. Muzachedwa mweka."

Ndipo masana amenewo, ndi masana ena otsatira, Jenala anakhala pakhonde akudulira mlamu wake ulusi, maso ake akuyendayenda pabwalo kufuna malo amene anali asanasese.

Juzi inatulutsa ndevu zisanu: za Yesu, za Petulo, za Yudasi, za Kayafa ndi za Simoni wothandiza kusenza mtanda. Pilato sanalandire, chifukwa a Ignatius anali ndi chithunzi chosonyeza kuti Aroma ankameta. Kachigamba kobiriwira Immaculate anakasokerera mkati mwa ndevu za Yesu, mbali yokhudza khungu, kumene palibe akanakaona.

Nzeru yake inali yachidule. Chaka chilichonse sewero likatha ankatenga zovala zonse kupita nazo kunyumba kukachapa. Chaka chino ndevu sizikanabwerera. Mtolo ukadzagawidwa, Jenala akadzaleka kusesa, Immaculate akanadzalukira mpingo zina ndi ulusi wina. Zimene mkazi wamasiye angachite ndi ndevu zisanu sanaziganizire kwenikweni. Ankangodziwa kuti zidzakhala pansi pa pilo.

Lachisanu Loyera kunacha kopanda mtambo. Ochita sewero anasonkhana m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa tchalitchi, ndipo Immaculate anawaveka mmodzimmodzi. Petulo anali Gershom, mlimi wachikulire wamantha ndi chilichonse, kuyambira mphezi mpaka jakisoni wa ng'ombe. Yesu anali Greenwell, kondakitala wa minibasi, amene anasankhidwa chifukwa anali wowonda ndipo ankadziwa kufuula.

Immaculate atamukoleka timagoli m'makutu, Greenwell anakoka mpweya.

"Amai, ndevu izi zinunkha tomato."

"Khala bwino, nimange."

"Zoona. Tomato na petulo. Ba Gershom, nunkhizani zanu. Kapena Ambuye benze na dimba?"

"Iwe, leka kuseka pa siku la lelo," anatero Gershom, koma ananunkhiza.

Ulendo unayambira pa mjigo kulowera ku chulu chachikulu cha kuseri kwa tchalitchi, chimene chinali Gologota wawo. Immaculate anayenda m'gulu la amayi oimba. Sanayembekezere zimene anaona. Ankaganiza kuti adzaona ndevu. Koma dzuwa litawala pa ulusiwo mtundu wake weniweni unabwerera, ndipo ankangoona Vitalis paliponse, wogawidwa pa zibwano za amuna asanu. Vitalis anapsompsona Vitalis m'munda wa Getsemane, pansi pa mtengo wa mango. Vitalis anakana Vitalis, n'kukalira mokweza kuseri kwa thanki ya madzi. Mphepo ikawomba kuchokera kutsogolo, Immaculate ankafulumiza mapazi kuti ayandikire, mpaka msilikali wina anamubweza ndi mkondo wa bango.

Pa malo achisanu ndi chimodzi a Njira ya Mtanda gulu linaima. Apa ndi pamene Veronika amatuluka m'khamu kudzapukuta nkhope ya Yesu, ndipo Veronika wa pamudzipo, kwa zaka zambiri, anali Jenala. Immaculate ankadziwa zimenezi monga ankadziwira dzina lake. Zinali zisanamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi pamene ankasoka kachigamba kaja.

Jenala anagwada, anadzuka, anaika nsalu yoyera pankhope ya Greenwell. Sankapukuta mongoyerekeza ngati a m'masewero ena. Ankapukuta ngati mayi wosambitsa mwana wamakani. Kagoli ka kukhutu lakumanzere kanavuka, ndevu zinalendewera mbali imodzi n'kutembenuka.

Anthu akumbuyo sanaone kanthu. Anangoona kuti Veronika wachedwa. Oimba anamaliza ndime, anayamba ina. Jenala anali chiimire, nsalu ili m'dzanja limodzi, chala cha dzanja lina chili pa kanthu kena pachibwano cha Yesu. Kenako anakoleka kagoli kaja bwinobwino, anatembenuka, anaonetsa khamu nsalu yojambulidwa nkhope monga ankachitira chaka chilichonse. Maso ake anadutsa anthu onse mpaka anamupeza Immaculate.

Zotsalazo Immaculate sanazimve. Yesu anagwa, anadzuka, anapachikidwa, anafuula bwino kwambiri moti ana ena analira.

Sewero litatha anabwerera ku kachipinda kaja. Panja achinyamata anali atayatsa moto kutentha masamba ndi zinyalala zimene anasesa pokonzekera Pasaka, ndipo utsi unkalowa pakhomo. Immaculate anatambasula chitenje pansi n'kuyamba kuunjikapo zisoti ndi mikanjo mwachangu. Anatambasula dzanja kuti alandire ndevu kwa Greenwell, koma dzanja la Jenala linafika poyamba.

Jenala anazitembenuza, n'kuziika pa kuwala kwa pakhomo.

"Ba Katekisiti, bwelani muone. Ichi chigamba ninasoka ine. Ninasokela pa juzi ya Vitalis, ku chipatala, Vitalis ali moyo."

Gershom ndiye anayamba kumvetsa. Anazula ndevu zake ngati zayaka moto, anaziponya pansi, anayamba kulavula ndi kupukuta milomo ndi mkono.

"Za malemu? Zosawaza? Pakamwa panga?"

"Ba Gershom, dekhani," anatero a Ignatius. "Ise ba mpingo sitiopa vinthu ivi." Anali atanyamula ndevu za Kayafa. Anaziika pawindo mosamala, n'kupukuta dzanja pa thalauza.

"Imwe simunavale! Ine nili na bana, nili na ng'ombe. Greenwell ayenda pa museu siku na siku."

Greenwell sankasekanso. Ankadzikanda pachibwano.

"Ngati ni za ba Vitalis, tiotche manje manje," anatero Gershom, akuloza pakhomo. "Moto uyo. Zonse zisanu. Pambuyo pake ba banja batisambike."

Amuna enawo anang'ung'udza movomereza. Yudasi anali atayamba kale kukankhira ndevu zake pakhomo ndi phazi.

A Ignatius anakweza manja. "Tisaweluze tisanamve. Amake Wendy, kambani chabe. Ulusi uyu munauchosa kuti?"

Immaculate anali chogwada pa chitenje chake, chisoti cha chigubu chili m'manja. Nkhaniyo inali ndi makomo awiri okha, ndipo onse ankawaona bwino. Akanena zoona, juzi ikanakhala ya Vitalis kwa kanthawi kochepa kokwana kuyenda kuchoka pamenepo kufika pamoto. Akakana, ikanapulumuka, koma ngati ulusi wamba umene iye anapereka kwa mpingo.

"Pa salaula," anatero.

"Si wa juzi ya ba Vitalis?"

"Si wao."

"Nanga chigamba?" anafunsa Gershom.

"Vovala va pa salaula vimabwela na vigamba. Ninaikapo kuti ulusi usalase pa khungu."

"Lumbilani. Muli pa tchalitchi pano, siku la lelo. Lumbilani kuti si ya bamuna banu."

Gershom, amene anali atangomaliza kulira kuseri kwa thanki chifukwa chokana mnzake, anaima pamwamba pake akudikira. Immaculate anayang'ana ndevu zimene zinali pansi pafupi ndi bondo lake, zonyowa malovu.

"Nalumbila. Si yao. Juzi yao inasala ku chipatala."

Onse anatembenukira kwa Jenala. Iye ankadziwa mfundo zake ziwiriziwiri monga munthu amadziwira mano ake ndi lilime. Akanangonena kuti atsitse mtolo, aitane akubanja, afunse amene anamuona akusoka. Mawuwo anali pakamwa. Panja mnyamata wina anaponya nthambi youma pamoto, malawi n'kukwera. Jenala anayang'ana motowo, anayang'ana kachigamba, chala chake chikusisita timaulusi tofiirira ta m'mbali mwake.

"Ninaona molakwa," anatero pomaliza. "Wanga unali obiliwila maningi. Uyu ni wina."

"Mwasimikiza?" anafunsa Gershom.

"Nakamba kuti ninaona molakwa. Maso yakalamba. Mufuna nilile?"

Gershom anapuma mwamphamvu. Greenwell anayesa kuseka. "Ba Veronika, mwatipaya na mantha. Chaka cha mawa mubwele na magalasi."

A Ignatius anali munthu wodana ndi mikangano, ndipo mkangano ukatha ankakonda kuumanga kuti usadzukenso. Anakoka bokosi lachitsulo limene bungwe la mpingo linagula makoswe atadya ndevu za khonje.

"Kuti pasakhale vokambakamba mu mudzi," anatero, "kuyambila lelo vinthu va sewelo sivizachokanso pano. Ni katundu wa mpingo. Mikanjo bamai bazachapila pompano pa mujigo. Ndevu zilowe umu."

"Nikachape chabe, ba Katekisiti," anatero Immaculate. "Zili na thukuta. Nizabweza pa Mande."

"Ndevu sizichapiwa, zingathothoke. Mwagwila kale nchito ikulu, amake Wendy, pumulani. Izi zizatitumikila zaka na zaka."

A Ignatius anazitola okha, tsopano ndi manja onse awiri, n'kuziyala m'bokosi mwaulemu. Jenala anapereka za Yesu zija pomalizira. Kenako a Ignatius anatulutsa m'thumba kapepala kodzaza timipira toyera tothamangitsa njenjete, anakang'amba ndi mano, n'kukhuthulira tonse pamwamba pa ndevuzo. Fungo lake linadzaza chipinda nthawi yomweyo, lakuthwa mpaka m'maso.

"Ehe," anatero mokhutira. "Manje olo khoswe, olo tomato wa Greenwell, vonse vizathawa."

Anatseka, anakhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba la malaya.

Dzuwa linali litapendeka pamene amayi awiriwo ankabwerera. Njira inali imodzi, choncho anayenda limodzi, Jenala patsogolo, nsalu ya Veronika ili paphewa. Anadutsa mjigo, anadutsa munda wa Gershom. Atafika pamene kanjira kamalowa m'chimanga, Jenala analankhula osatembenuka.

"Ninakudulilani ulusi ine."

"Ehe."

"Na manja yanga."

Immaculate anapitiriza kuyenda pambuyo pake.

"Muganiza ninali kuifunila bandani? Bamalume bake? Ninamubeleka pa musana uja mwana, amai bali ku munda. Ninali kufuna chabe nikhale nayo." Jenala anayenda pang'ono. "Sembe munaniuza."

"Sembe munatenga."

Jenala anaganiza. "Ehe. Sembe ninatenga."

Anafika pamphambano ya nyumba zawo. Jenala anaima, anatulutsa kabotolo ka fodya, anakayang'ana, anakabweza osatsegula.

"Inali kununkha bwanji? Ine mphuno izi."

"Tomato," anatero Immaculate. "Na petulo. Na eve."

Jenala anagwedeza mutu. "Chaka cha mawa Veronika nine futi," anatero, ndipo anakhotera kwake. Tsache sanalitchule, ndipo Immaculate anadziwa kuti silidzabweranso.

M'nyumba munali mwaukhondo kuposa kale lonse. Mtolo unali polendewera pake, ukudikira chimanga. Immaculate anakoka dengu lake lolukira n'kulikhuthulira pabedi. Munali kachitsulo kangowe, lumo, zotsekera mabotolo zimene zinatsala kwa Yudasi, ulusi woyera wa tinsalu ta patebulo. Anafufuza m'mphepete mwa dengu, pakati pa nsungwi. Anatuluka pakhonde, anagwada pamene ankakhalira, anasanthula m'ming'alu ya pansi. Panalibe ngakhale kachidutswa. Juzi yonse inali italowa m'ndevu, mpaka nsonga yomaliza, monga ankagwirira ntchito nthawi zonse, ndipo timaulusi tochepa timene tinagwa podula Jenala anali atatisesa.

Anakhala pansi potsamira khoma. Anaika zala kumphuno. Zinkanunkha penti ya zisoti.